Za mbuzi zathu, za apolisi ndi za maola 48

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a ku Blantyre, ku Lilongwe mpaka ku Joni amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, lero za mtengo wa nandolo ndi za masikelo a mavenda a thonje ziyambe zadikira. Pali mawu amene afala m'dera lathu chiyambire kusowa kwa mbuzi m'makola. Akumveka kuchigayo, pamjigo, ngakhale pamaliro anthu akudikira chakudya. Akuti wakuba alibe ufulu. Ena akuwonjezera kuti maufuluwa ndi amene anawononga dziko, kale kunalibe zoterezi. Ine ndikukana, ndipo ndikana motalika ndithu, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono ayambe wagula ina.

Poyamba ndinene kuti ululu wa kuberedwa ndimaudziwa. Mbuzi kwa mlimi wa kuno ndi banki. Ndi fizi ya mwana wa ku sekondale, ndi thumba la feteleza, ndi transipoti ya ku chipatala cha ku Liwonde usiku matenda akavuta. Munthu ukadzuka m'mawa n'kupeza khola lili pululu, chingwe chokha chili pansi, mtima umatentha moti amene angakuuze za malamulo pa nthawi imeneyo umamuona ngati mnzake wa wakubayo. Zimenezo sindikutsutsa.

Koma funso langa ndi ili. Pa ola limene munthu akumumanga unyolo, ndani wanena kuti ndi wakuba? Nthawi zambiri ndi munthu mmodzi amene waloza chala. Ndipo inu mukuwadziwa bwino mamidzi athuwa. Pali milandu ya malire a minda imene inayamba agogo athu ali moyo. Pali nsanje ya pa mitala. Pali mnyamata amene wabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto, anthu n'kumati ndalama zimenezi wazipeza bwanji. Pali wina amene anakanidwa mbeta. Chala chimaloza pa zifukwa zambiri. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko lino amati munthu woganiziridwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa. Lamuloli sanalembere mbava. Analembera munthu wolozedwa chala, ndipo chala chimenecho palibe amene chimamulambalala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za kale zija, amene mukuti kunali mtendere, afunseni agogo anu bwinobwino. Kunali kuopa. Munthu ankatha kutengedwa usiku, abale osauzidwa kumene wapita, osaonekera kukhothi, zaka n'kumapita. Ndende ya Mikuyu siili kutali ndi kuno, ili cha ku Zomba konkuno. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College komanso mlakatuli, anakhala kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. Ameneyo ndiye tikumudziwa chifukwa anali wotchuka mpaka kunja. Nanga alimi wamba amene anatengedwa chifukwa cha mawu a pa mowa, kapena chifukwa chosowa khadi la chipani pakhomo la msika? Titavota pa riferendamu ya pa 14 June 1993, amene analemba malamulo atsopano a 1994 anali ndi zipsera za nthawi imeneyo m'mitima. Ndiye anaika gawo 42, lokamba za munthu womangidwa. Nambala imeneyi muisunge ngati mmene mumasungira nambala ya foni ya mwana wanu.

Gawo limeneli likuti munthu akamangidwa auzidwe msangamsanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chilankhulo chimene iye amamva. Kuno kwathu mfundo imeneyi si yaing'ono. Agogo a ku Chikweo kapena ku Ngokwe amene moyo wawo wonse alankhula Chiyao, Chichewa chawo n'chongogulira mchere pamsika, wapolisi wochokera ku Rumphi kapena ku Dowa akawafotokozera mlandu m'Chichewa chothamanga chosakaniza ndi Chingerezi, agogowo n'kumangoti eya, eya, pamenepo sanauzidwe kanthu. Ali ndi ufulu woti papezeke womasulira.

Likutinso womangidwa auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo achenjezedwe kuti zimene anene zitha kudzagwiritsidwa ntchito pomuzenga mlandu. Anyamata oonera mafilimu a ku America m'mavidiyo a pa Ntaja ndi pa Ulongwe amawadziwa mawu amenewa, wapolisi amawalakatula akumanga munthu. Kumeneko anachokera pa mlandu wa Miranda wa 1966. Ambiri amayesa ndi za m'filimu basi, osadziwa kuti kuno kwathu zinalembedwa m'malamulo aakulu enieniwo. Ndipo inu a ku Joni, malamulo a ku South Africa nawonso ali ndi zomwezi pa gawo 35, ndi maola 48 omwewo, ndipo amateteza aliyense womangidwa, olo mapepala ake atakhala kuti sali bwino.

Kukhala chete si mwano. Dzina lako, mudzi wako, mfumu yako, zimenezo nena mwaulemu. Koma za mlanduwo ukhoza kunena kuti bwana, ndiyankha ndikaonana ndi loya, kapena ndikayankha kukhothi. Gawo 42 lomweli likuti munthu asakakamizidwe kuvomera mlandu.

Apa ndiye pali dzenje limene ambiri amagweramo, ndipo ndichedwapo pang'ono. Kupolisi amalemba sitetimenti, kawirikawiri wapolisi ndi amene amagwira cholembera, kenako amati sayina apa kapena dinda chala apa. Munthu watopa, wagona pansi masiku awiri, udzudzu wamudya, akumuuza kuti ukangodinda uzipita kwanu. Amadinda. Tsono m'lamulo la kayendetsedwe ka milandu, lija amati Criminal Procedure and Evidence Code, muli ndime 176 imene imalola khothi kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Khothi limayenera kukhutira kuti munthuyo ananenadi zimenezo ndipo kuti n'zoona lisanazigwiritse ntchito, komabe pepalalo limakhala lafika kale patebulo la majisitireti. Maloya akhala akukangana za ndime imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo ine maganizo anga ndi akuti siyenda limodzi ndi mtima wa gawo 42. Koma ilipo. Ndiye chala chako chisadinde pepala limene sanakuwerengere m'chilankhulo chako, ndipo ngati zimene akuwerengerazo si zimene unanena, kana. Kuchotsa chala papepala n'kovuta kuposa kuzula chitsa cha mtondo.

Mwana wa mlongo wanga zinamuonekera chaka china. Anagula njinga yakapalasa kwa munthu pamsika, yoti azichitira kabaza. Patapita milungu itatu wina anaizindikira kuti ndi yake yobedwa. Anamutengera ku polisi ina, dzina lake sinditchula. Mnyamatayo anafotokoza zoona zake, kuti anagula, anatchula ndi amene analipo pogulapo. Koma papepala panalembedwa mwachidule kuti wavomera kuti njinga yobedwa inapezeka ndi iye. Mawu amenewo si bodza, komanso si nkhani yonse. Anakhala m'selo kuyambira Lachiwiri mpaka Lolemba linalo osaonekera kukhothi, mayi ake akuyenda mtunda tsiku ndi tsiku ndi kontena ya nsima pamutu. Chimene chinamupulumutsa ndi anthu awiri amene anaona akupereka ndalama, amene anavomera kusiya ntchito zawo kukachitira umboni. Kuyambira pamenepo aliyense wa pabanja pathu akagula njinga, foni kapena mbuzi kwa munthu, pamakhala kapepala kosayinirana ndi mboni, ndipo ya mbuzi imadzera kwa amfumu.

Kuyambira Lachiwiri mpaka Lolemba ndi kuphwanya lamulo poyera. Lamulo likuti womangidwa akaonekere kukhothi mwamsanga mmene kungathekere, koma pasapitirire maola 48, kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chopitirizira kumusunga. Zikapanda kutero atulutsidwe. Maola 48 ndi masiku awiri, usana ndi usiku. Wamangidwa Lolemba 9 koloko m'mawa, pofika Lachitatu 9 koloko akhale ataimirira pamaso pa majisitireti. Pali kakhomo kamodzi kokha. Maolawo akathera pa nthawi imene khothi latseka, kapena pa tsiku limene khothi siligwira ntchito, amadikira tsiku loyamba limene khothi litsegule. N'chifukwa chake anthu amaopa kumangidwa Lachisanu, ndipo kunena zoona ngakhale Lachinayi ndi chimodzimodzi, chifukwa maola ako akathera Loweruka, udikira Lolemba. Amene ali ndi chidani nawe amadziwanso zimenezi, amakadandaula Lachisanu masana dala kuti ukagone kumeneko mpaka sabata ithe. Koma taonani kuti lamulo linayamba ndi kunena kuti mwamsanga. Maola 48 ndi malire, si kuti wapolisi wapatsidwa masiku awiri aulere oti akusunge pomwe khothi lili tsidya la msewu.

Ndiye chinthu choyamba m'bale wanu akatengedwa, lembani tsiku ndi ola. Lembani pakhoma ndi khala ngati mulibe pepala. Ambiri akafunsidwa amati anamutenga dzana kapena dzulo lija kunagwa mvula, ndipo nkhani ya maola imafera pomwepo.

Akakaonekera kukhothi n'kutumizidwa ku rimandi, kumenekonso kuli malire. Chisinthireni lamulo mu 2010, munthu woyembekezera mlandu wa kwa majisitireti sayenera kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, ndipo pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza ndi masiku 90, pokhapokha khothi litawonjezera pa zifukwa zomveka. M'ndende zathu muli anthu amene malire amenewa anawadutsa kalekale chifukwa palibe wowakumbutsira. Fayilo ikagona pansi pa mafayilo ena, munthu amagona nayo limodzi.

Za belo. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Akuluakulu a polisi amanena okha zimenezi pa wailesi ndi pa misonkhano, si nkhani yanga. Koma tonse tikudziwa mabanja amene anagulitsa mbuzi yotsala, ena matumba a chimanga a chakudya, kuti akawombole mwana. Ndalama yoperekedwa kuseri kwa ofesi popanda lisiti si belo, ndi ziphuphu, ndipo lamulo limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Belo ya kukhothi ndi ina. Kumeneko majisitireti akhoza kunena kuti mupereke ndalama mwakuti, kapena mubweretse mboni zoti zikuimireni, koma ndalama imeneyo imakhala ndi lisiti la boma, ndipo munthu akasunga malamulo a beloyo mpaka mlandu kutha amayenera kubwezeredwa. Lisitilo musakulungire fodya. Pa mlandu wakupha ndiye apolisi kapena majisitireti sangapereke belo, zimenezo ndi za khothi lalikulu, kwa ife kuno ndi ku Zomba.

Ndipo inu amene mumakwiya mukaona munthu amene munamugwira dzana akuyenda pamsika, n'kumati apolisi adya ndalama, dziwani kuti belo si kutha kwa mlandu. Malamulo amati womangidwa atulutsidwe podikira mlandu pokhapokha pali chifukwa chokwanira chomusungira, monga kuti athawira ku Mozambique kudzera pa Nayuchi kapena aopseza mboni. Ngati muli ndi mantha otero kanenenitu kwa wofufuza mlanduwo. Koma milandu yambiri ya mbuzi imafa chifukwa mwini mbuzi ndi mboni zake sapita kukhothi pa tsiku lake. Amati transipoti yavuta, kumunda kwachuluka ntchito, kaya amangogwa ulesi. Majisitireti sangamange munthu ndi mphekesera za pamjigo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachitika kuno ngati zololedwa pomwe sizili choncho. China ndi kumangitsana chifukwa cha ngongole. Wina wakongola ku banki mkhonde, kapena katapila, kapena anatenga feteleza kuti adzabweza akakolola, mvula n'kudula mu February ngati mmene imachitira kuno ku Balaka. Mwini ndalama amathamangira kupolisi kuti akamutsekere aone. Gawo 19 la malamulo aakulu likunena kuti munthu asatsekeredwe chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano lotere. Ngongole ndi nkhani ya kwa amfumu kapena kukhothi la milandu ya pakati pa anthu. Zimasiyana ngati munthu anachita kunama dala kuti akubereni, umenewo ndi mlandu wina. Koma kulephera kubweza chifukwa chimanga chinapserera si mlandu wa m'selo.

China ndi kutenga mkazi kapena mayi kuti mwamuna amene wathawa abwere yekha. Ichi ndiye chimandiwawa kwambiri. Mayi ali ndi mwana kumbuyo akukhala pabenchi ya polisi tsiku lonse chifukwa cha mlandu wa mwamuna amene mwina anamusiya kale ndi kukakwatira kwina. Mlandu ndi wa amene waupalamula. Palibe lamulo lolola kugwira munthu ngati chikole.

Tibwere ku chipikisheni. Gawo 21 limateteza thupi lako, nyumba yako, katundu wako, makalata ako ndi zokambirana zako za pafoni. Nyumba yaudzu ya zipinda ziwiri ili ndi ulemu womwewo pamaso pa lamulo ngati nyumba ya mpanda ya ku Area 43. Njira yake yeniyeni ndi yakuti apolisi akatenge waranti kwa majisitireti, yonena malo amene akasechewo ndi chimene akufuna. Muli ndi ufulu wopempha kuti muione, ndipo ngati simutha kuwerenga aitanidwe wina akuwerengereni. Komabe musanamizidwe kuti popanda waranti wapolisi sangalowe zivute zitani. Lamulo limawalola nthawi zina, monga pamene akuthamangitsa munthu amene wathawira m'nyumbamo, kapena pamene pali chifukwa chomveka choti akachedwa katunduyo asamutsidwa. Ndiponso musaganize kuti akasecha molakwika ndiye kuti mlandu wafa, makhothi athu nthawi zina amalandirabe umboniwo. Ndiye nzeru yake si kutseka chitseko ndi mpini m'manja. Kulimbana ndi wapolisi ndi mlandu pawokha, ndipo mudzapezeka kuti mlandu woyamba uja munalibe koma mwadzipangira wachiwiri.

Chimene mungachite ndi kufunsa modekha mayina awo ndi polisi imene achokera, makamaka akabwera osavala yunifomu, poti masiku ano mbava nazonso zimagogoda usiku n'kumati ndife apolisi. Itanitsani amfumu kapena aneba awiri aziona. Musachoke, muziyenda nawo chipinda ndi chipinda. Chilichonse chimene atenga chilembedwe, foni, wailesi, sola, matumba angati a nandolo, ndalama zingati, ndipo ziwerengedwe pamaso pa mboni. Katundu wosalembedwa amamera miyendo. Ndipo mayi kapena mtsikana asechedwe m'thupi ndi mzimayi mnzake basi, mwaulemu, limenelo ndi lamulo, kaya ndi pakhomo kaya ndi pa lodibuloko. Amene mumakhala m'mphepete mwa paki ya Liwonde ndi nkhalango zathuzi mukudziwanso kuti alonda a zanyama ndi a zankhalango ali ndi mphamvu zawo zosecha ndi kumanga, ndipo zilango za nyama ndi makala zinakwera kwambiri atasintha malamulo mu 2017 ndi 2020. Koma amene wagwidwa ndi msampha kapena thumba la makala nayenso maola 48 aja ndi ake.

Mwana wosakwana zaka 18 akagwidwa, makolo auzidwe, ndipo asaikidwe m'selo imodzi ndi akuluakulu. Imeneyi ndi yachidule koma imaphwanyidwa kwambiri.

Za vakabu ambiri mukuzikumbukira. Munthu unkangogwidwa chifukwa wayenda usiku, kapena wapezeka pa siteji m'bandakucha. Ife alimi ndi amene timadzuka 3 koloko kuti tikafike pamsika wa Liwonde kapena wa Balaka tomato asanafote. Mu March 2015 apolisi anagwira Mayeso Gwanda ku Blantyre m'mamawa akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Munthu wamba ngati ife. Sanangolipira faindi n'kuiwala, anapita nayo nkhaniyo ku khothi lalikulu, ndipo pa 10 January 2017 majaji atatu anagamula kuti ndime ya vakabu imene anamumangira ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kenako mu 2022, ku khothi lalikulu la ku Zomba konkuno, Jaji Zione Ntaba anagamula pa dandaulo la anthu amene anasesedwa usiku ku Kasungu mu 2018 osauzidwa chifukwa, kuti mchitidwe wongosesa aliyense wopezeka pamalo ndi wosemphana ndi malamulo. Wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chokuganizira iweyo pawekha, pa mlandu wodziwika. Kusauka, kuvala sanza kapena kuyenda wapansi usiku si mlandu. Wogulitsa majumbo anasintha lamulo la dziko, pomwe ena a matayi anangokhala chete zaka zonsezo.

Tsopano kwa inu amene mumati apolisi azimufinya wakuba kuti aulule. Ndikupatsani nkhani ziwiri za abale athu achialubino, poti palibe milandu imene inatikwiyitsa kuposa imeneyi. Mu February 2019 bambo wina dzina lake Buleya Lule, woganiziridwa pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala woyeza mitembo anapeza kuti anamuotcha ndi magetsi. Ngati munthu uja ankadziwa kanthu za amene amagula ziwalo, anapita nazo kumanda. Ngati sankadziwa kanthu, ndiye kuti anapha munthu wosalakwa. Mbali zonse ziwiri dziko linaluza, ndipo pamapeto pake apolisi angapo ndi amene anapezeka olakwa kukhothi pa imfa imeneyo. Inayo ndi ya kwathu konkuno ku Machinga, ya MacDonald Masambuka, amene anasowa mu March 2018. Mlandu unatenga zaka zinayi, anthu tinatopa n'kudikira. Koma mu 2022 khothi lalikulu linapeza anthu 12 olakwa, pakati pawo wansembe, wachipatala, mchimwene wake weniweni wa malemuyo, ndiponso wapolisi. Zonsezo zinatuluka chifukwa oganiziridwawo anafika amoyo kukhothi, umboni n'kuunikidwa poyera. Ndipo taganizani, pamene wapolisi ali m'gulu la opalamula, mukanakonda kuti choonadi chizifufuzidwa ndi chibonga m'chipinda chotseka?

Munthu womenyedwa amavomera chilichonse kuti ululu uleke. Amatchula dzina lililonse limene labwera m'mutu. Dzina limenelo likhoza kukhala la mwana wanu.

Anyamata athu achitetezo cha m'mudzi, ndimakuyamikani, mumagona panja ife tili m'bulangete. Lamulo limalola munthu wamba kugwira munthu amene wamupeza akupalamula mlandu waukulu. Koma likuti mukamugwira mumupereke kupolisi mosachedwa. Simuli khothi. Kumumangirira pamtengo usiku wonse, kumukwapula kuti aulule anzake, kulowa m'nyumba za anthu kukagudubuza katundu, kulipiritsa faindi ya nkhuku, mphamvu zimenezo mulibe. Akafera m'manja mwanu, mlandu wake ndi wakupha, ndipo gulu lonse limene linkakuchemererani lija lidzati linali kumunda tsiku limenelo. Masiku ano palinso mafoni, amene akujambula vidiyo uja ndi amene akukonzerani umboni.

Apolisi nawo ndisawaunjikire zoipa zokhazokha. Ambiri ndi ana a alimi ngati ife, ndipo ndaonapo ena akugwira ntchito yabwino, makamaka amayi a ku ofesi yothandiza ozunzidwa ija. Dera limene polisi yaing'ono imodzi imayang'anira ndi lalikulu, misewu yake nthawi ya dzinja mukuidziwa, galimoto mwina palibe, ikakhalapo mafuta palibe. Malamulo amati womangidwa adyetsedwe ndi kupatsidwa mankhwala ndi boma, koma tonse tikudziwa kuti amene alibe m'bale pafupi amadya zotsala za anzake. Pamenepo wolakwa si konstabo wa pa kauntala. Ndi amene amagawa ndalama za boma ku Lilongwe, ndipo aphungu athu akabwera kudzapempha mavoti tiziwafunsa za mafuta a polisi ndi masiku amene majisitireti amafika kumadera akutali, osangoti za makuponi. Koma kusowa kwa mafuta sikusandutsa maola 48 kukhala sabata. Ngati boma silingathe kumufikitsa munthu kukhothi, lamulo lanena kale chochita, amutulutse pa belo.

Kodandaula kulipo, ngakhale kuti kuyenda kwake n'kwapang'onopang'ono. Poyambira ndi kwa mkulu wa polisi yomweyo, mupite awiri kapena atatu, mwaulemu, ndi tsiku ndi ola zija munalemba. Pali a Legal Aid Bureau, maloya a boma othandiza amene sangathe kulipira loya. Pali maparaligo a PASI amene amayendera maselo, makhothi ndi ndende. Pali a Malawi Human Rights Commission, pali a Ombudsman amene ali ndi ofesi pa Balaka pomwepa. Palinso Independent Complaints Commission, bungwe lofufuza madandaulo okhudza apolisi. Linalembedwa m'lamulo la polisi la 2010 koma linakhala zaka pafupifupi khumi lili papepala pokha, mpaka nkhani ya amayi a kwa Msundwe itafika kukhothi mu 2020. Ndipo amene anatsekeredwa popanda chifukwa akhoza kusumira boma n'kulandira chipukuta misozi, ndalama yake ndi ya misonkho yathu yomweyi, ya pa sopo ndi pa shuga.

Inu a m'tauni ndi a ku Joni, foni ya usiku yonena kuti mng'ono wanu amutenga imafikira kwa inu. Ndikudziwa kuti chimene mumayamba kufunsa ndi chakuti akufuna zingati. Yambani ndi mafunso ena. Amutenga liti, nthawi yanji? Ali ku polisi iti? Amuuza mlandu wanji? Wadinda chala pa pepala lililonse? Wavulala? Womangidwa ali ndi ufulu woonana ndi mkazi wake, abale ake, abusa kapena shehe wake, ndi dokotala, ndiye tumani munthu wamkulu wodekha akamuone ndi maso tsiku lomwelo, osati mnyamata waphuma amene akakayambitse mkangano pa kauntala. Apite ndi chiphaso chake cha unzika, poti mwina adzafunika kuimira belo. Ndalama imene ikufunikadi ndi ya chakudya cha womangidwayo ndi ya transipoti ya mboni pa tsiku la khothi. Imeneyo tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money, koma ku nambala ya mayi ake kapena ya atsibweni ake, osati ku nambala yachilendo imene wina wakuimbirani nayo n'kumati ndi bwana wa pa polisipo.